Lamulo la Nyama Zakutchire ndi Nkhalango: Zoyenera Kudziwa Banja Lililonse ku Namitambo

MAWU OYAMBA

Kuno ku Namitambo kulibe paki. Kuti munthu aone njovu ayenera kukwera galimoto mpaka ku Liwonde kapena kutsetsereka ku Chikwawa. N'chifukwa chake ambiri timaganiza kuti lamulo loteteza nyama zakutchire ndi la anthu okhala m'mphepete mwa mpanda wa paki basi. Koma lamuloli limagwira wopha nyama, woinyamula, woisunga, woigulitsa ndi woigula yemwe. Munthu amene sadapondeko m'paki chibadwire akhoza kukagona ku Chichiri chifukwa cha thumba limene adasungira mnzake kuseri kwa chitseko.

Kabuku kano kakufotokoza zimene lamulo likunena, malo amene limateteza, misampha imene mabanja amagweramo mosadziwa, ndi zoyenera kuchita zinthu zikavuta. Werengani pabanja, ndipo muwerengerenso agogo ndi ena amene maso adafooka.

1. MALO OTETEZEDWA NDI ATI?

Dziko la Malawi lili ndi mapaki 5: Nyika kumpoto, Kasungu pakati, ndipo kummwera kuno kuli Liwonde, Lengwe ndi paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear, imene bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Palinso malo ena 4 osungirako nyama: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Onsewa ali pansi pa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, imene antchito ake timangowatcha a gemu.

Nkhalango za boma zili pansi pa nthambi ina, ya a folesiti. Zimenezi ndiye zili pakhomo pathu: phiri la Chiradzulu, phiri la Malabvi, ndi phiri la Mulanje limene timaliona kum'mawa kukayera.

Malamulo akuluakulu ndi awiri. Loyamba ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, limene lidakonzedwa mu 2004 n'kudzakhwimitsidwa kwambiri mu 2017. Lachiwiri ndi Forestry Act la 1997, limene zilango zake zidakwezedwa mu 2020. Pamwamba pa onsewa pali Malamulo Oyendetsera Dziko, amene pa gawo 13 amalamula boma kusamala chilengedwe poganiziranso mibadwo imene ikubwera.

Mukapita kukacheza kwa abale okhala pafupi ndi paki, kumbukirani kuti m'kati mwa malowa n'koletsedwa kulowa popanda chilolezo, kutenga mfuti, mkondo, msampha kapena poizoni, kudula mtengo, kutola nkhuni, kudyetsa ziweto, kulima ndi kuyatsa moto. M'malo ena midzi yoyandikana ndi paki imaloledwa kumweta udzu wofolera kapena kuika ming'oma ya njuchi, koma zimenezi zimachitika pa mgwirizano wa a gemu ndi makomiti a m'midziyo, pa masiku oikika. Mlendo sangangotsatira gulu.

2. MAGULU A NYAMA NDI ZILANGO ZAKE

Kuyambira mu 2017 lamulo limagawa nyama ndi zomera m'magulu 4, ndipo chilango chimakula motsata gulu.

Gulu loyamba ndi la nyama zimene munthu angasake ngati ali ndi chiphaso cha boma. Wosaka kapena wogulitsa popanda chiphaso akhoza kulipira chindapusa chachikulu ndi kukhala kundende mpaka zaka 4.

Gulu lachiwiri ndi la nyama zotetezedwa. Apa ndende imafika zaka 10.

Gulu lachitatu ndi la nyama zimene zatsala pang'ono kutha. Apa ndende imafika zaka 30, ndipo chindapusa chake ndi cha mamiliyoni ambiri a makwacha.

Gulu lachinayi ndi la nyama za pa mndandanda wapadera, monga njovu, chipembere ndi ngaka. Apanso ndende imafika zaka 30, koma palibe mwayi wolipira chindapusa. Ngakhale abale atagulitsa ng'ombe yamkaka ndi munda womwe, khoti silingalandire ndalamayo m'malo mwa ndende.

Mndandanda wa nyama zotetezedwa ndi wautali. Muli zinyama zikuluzikulu, mbalame, zokwawa ndi mitengo. Musamadzigamulire nokha kuti kanyama aka n'kakang'ono, boma silingakawerengere. Ngati mukukayika, funsani kaye.

Dziwaninso kuti mlandu suthera pa nyama yamoyo. Chikopa, nyanga, mano, mamba, mafupa, nthenga, mazira ndi nyama yofutsa, zonsezi lamulo limaziwerengera. Khoti likhozanso kulanda zinthu zimene zidagwiritsidwa ntchito pa mlanduwo, kaya ndi njinga, njinga yamoto kapena galimoto.

Lamuloli laluma kale anthu a ndalama zawo. Mu 2021 khoti la ku Lilongwe lidagamula Yunhua Lin, nzika ya China, kuti akakhale kundende zaka 14 pa mlandu wokhudza nyanga ya chipembere. Koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi anthu wamba amene adatumidwa kunyamula kapena kufunafuna wogula.

3. NGAKA: NYAMA IMENE YAMANGITSA AMBIRI

Ngaka ndi kanyama kofatsa, kovala mamba thupi lonse. Ilibe mano. Imayenda usiku kufukula nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali lomata. Ikaopsedwa imangodzipinda n'kubisa mutu pamimba, ndipo munthu amainyamula ndi manja popanda vuto. Kufatsa kumeneku ndiko kukuimaliza. Imabereka kamwana kamodzi pa nthawi, kotero zikatengedwa zingapo m'dera, zimatenga zaka zambiri kuti zibwererenso.

Mamba ake amagulidwa ndi anthu opita nawo ku mayiko a ku Asia, kumene amati ndi mankhwala. Mambawo ndi opangidwa ndi zinthu zomwezo zimene zimapanga zikhadabo zathu. Mu 2016, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, mayiko adagwirizana kuletsa malonda onse a ngaka pakati pa mayiko, ndipo Malawi ali m'panganoli.

Mphekesera yakuti ngaka imodzi imagula galimoto yafika paliponse. Munthu akaipeza amaitsekera m'thumba kapena m'chidebe, kenako amayamba kuimba mafoni kufuna msika. Nkhani imayenda kuchokera pa bawo kufika pa siteji, ndipo nthawi zambiri imafika kwa apolisi isanafike kwa wogula. Pa masiku amenewo ngaka imakhala ikufooka, chifukwa sidya mgaiwa kapena masamba.

Mukaona ngaka kumunda kapena m'phiri, isiyeni ipite. Ngati yavulala kapena yalowa pakati pa nyumba, ingitsani agalu ndi ana, uzani amfumu nthawi yomweyo, ndipo mudziwitse apolisi kuti aitane a gemu. Musaisunge m'nyumba usiku poganiza kuti mudzanena mawa. Nyama zopulumutsidwa zotere zimalandira chithandizo kwa akatswiri, monga a bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, kenako zimakabwezedwa kutchire.

4. MISAMPHA ISANU IMENE MABANJA AMAGWERAMO

Woyamba: kunyamula katundu wosamuona. Tiyerekeze kuti mnyamata wa kabaza waima pa msika wa Namitambo. Kukubwera bambo wovala bwino, thumba lomanga pakamwa lili m'manja.

"Achimwene, mundiperekezere kathumbaka ku Limbe. Ndikupatsani kawiri mtengo wa masiku onse."

"Muli chiyani, bambo?"

"Aaa, ndi tinthu ta kumudzi. Musavutike n'kumasula."

"Pepani bambo, katundu womanga sindinyamula ndisanamuone. Masulani ndione, apo ayi pezani wina."

Mnyamatayu wayankha bwino. Pa rodibuloko apolisi amafunsa amene wagwira thumba, ndipo mawu akuti "sindimadziwa" ndi ovuta kuwatsimikiza pamaso pa majisitireti mwini katundu atathawa. Mtengo wokwera modabwitsa, kukana kumasula thumba, ndi kupempha kuti mudzere njira yachidule yozemba apolisi, zonsezi ndi zizindikiro zoti mukane.

Wachiwiri: kugula nyama yakutchire. Nyama yowamba imene wina akuyenda nayo mobisa, akunong'ona kuti ndi ya gwape, ya mbawala kapena ya njati, nthawi zambiri idakodwa pa khwekhwe wa waya m'malo otetezedwa. Wogula ali ndi mlandu ngati wogulitsa. Komanso nyama imene yafera pa waya masiku angapo, kapena yophedwa ndi poizoni, ikhoza kudwalitsa banja lonse.

Wachitatu: kuweta nyama yakutchire. Kamwana ka pusi kapena ka nyani komangidwa chingwe m'chiuno, fulu wa m'chidebe, mbalame yakutchire ya m'chikwere, zonsezi zimafuna chilolezo cha boma. Kuti kamwana ka pusi kapezeke pa msika, kawirikawiri mayi wake amakhala ataphedwa. Kakakula kamaluma ana, ndipo kakhoza kupatsira anthu matenda.

Wachinayi: zizimba ndi zovala za magule. Chikopa cha kambuku kapena cha nsato, mamba a ngaka, mchira wa njovu, ngakhale zili za mankhwala kapena za mwambo, lamulo limafuna kuti mwini akhale ndi chikalata cha umwini chochokera ku boma. Asing'anga ndi atsogoleri a magule afunse kwa a gemu za zinthu zimene adasiyiridwa ndi makolo. Odwala nawonso asavomere kutumidwa kukafuna chizimba cha nyama yotetezedwa.

Wachisanu: kutola. Mukapeza mnyanga, chikopa kapena nyama yotetezedwa yakufa, zimenezo ndi za boma. Musasunthe. Kaneneni.

5. MITENGO, MAKALA NDI MOTO

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, masikweya kilomita 767 kukula kwake konse, koma kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000. Minda ndi yochepa, nkhuni n'zosowa, ndipo mzinda wa Blantyre uli pafupi ndi njala yake ya makala. Palibe amene sadziwa chimene chimakankhira bambo kukwera phiri ndi nkhwangwa m'mwezi wa Januwale. Komabe lamulo liyenera kudziwika.

Kuotcha makala popanda laisensi ya a folesiti ndi mlandu, ndipo laisensiyo imaperekedwa kwa amene waonetsa kuti mitengo yake ikuchokera m'nkhalango yosamalidwa imene idzabwezeretsedwa. Kunyamula ndi kugulitsa makala osaloledwa ndi mlandunso. Makala amalandidwa, ndipo njinga kapena galimoto ikhoza kupita nawo limodzi.

M'nkhalango ya boma simuloledwa kudula mtengo, kutsegula munda, kumanga nyumba kapena kuyatsa moto popanda chilolezo. Mitengo yachilengedwe ya matabwa monga mbawa ndi mlombwa, ngakhale ili pa malo a mfumu, funsani a folesiti musanaigwetse kuti mucheke matabwa ogulitsa. Ngati mwadzala nokha bulugamu kapena paini ndipo mukufuna kupita ndi matabwa kumsika wakutali, katengeni chikalata chonyamulira ku ofesi ya zankhalango kuti musavutike panjira.

Samalani kwambiri ndi mkungudza wa ku Mulanje. Mtengowu umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi, ndipo udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kafukufuku wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala. Amisiri a matabwa ndi omanga nyumba asagule thabwa lonunkhira la mkungudza kwa oyenda nalo usiku. Mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust akudzala pamodzi ndi midzi yozungulira phirilo zidzatenga zaka makumi ambiri kuti zikule.

Za mbewa, palibe amene akuletsa ana kukumba mbewa kapena kutchera diwa m'munda mwanu. Vuto ndi moto. Moto wa osaka mbewa mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamaomba, sudziwa malire. Umapsereza ziphukira, udzu wofolera, mapesi amene akadaphimba nthaka, ndipo ukalowa m'nkhalango ya boma kapena ya mudzi umasanduka mlandu. Makolo, machesi asamapite kutchire m'thumba la mwana.

Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchila m'boma lathu lino. Mvula ija idali yoopsa, yoposa imene nthaka ikadatha kumwa. Mitengo singaletse namondwe, koma mizu yake imagwira dothi ndipo imachepetsa liwiro la madzi otsika m'phiri. Mudzi uliwonse wokhala m'tsinde mwa phiri uli ndi chifukwa chake chosungira mitengo ya pamwamba pake.

6. NYAMA IKALOWA M'MUDZI

Fisi akagwira mbuzi, anyani akathyola chimanga, kapena nsato ikalowa m'khola, chitani izi:

Choyamba, tetezani anthu. Ana alowe m'nyumba, ndipo gulu lisaizungulire nyamayo. Nyama yosowa kothawira ndiyo imavulaza.

Chachiwiri, uzani amfumu ndi apolisi kuti adziwitse a gemu, amene ali ndi udindo wothana ndi nyama zovutitsa anthu.

Chachitatu, musathire tameki kapena poizoni wina pa nyama yakufa kuti muphe fisi. Poizoni amapha agalu, mbalame, ndipo mvula ikagwa amatsikira kuchitsime.

Lamulo limalola munthu kudziteteza ngati moyo wake kapena wa mnzake uli pangozi ndipo palibe njira ina. Koma mukapha nyama yotetezedwa mwa njira imeneyi, muyenera kukanena msanga, ndipo nyamayo ndi chikopa chake ndi za boma. Mukagawana n'kubisa chikopa, nkhani yodziteteza ija imasanduka mlandu.

Kupewa kumathandiza kwambiri: khola la mbuzi lam'mwamba la mitengo yolimba, chitseko chotseka bwino, kulambula tchire lozungulira nyumba, ndi kukwirira zotsala za nyama m'malo mozitaya kudzala.

7. WACHIBALE AKAMANGIDWA

Womangidwa ali ndi ufulu wouzidwa mlandu wake m'chinenero chimene amamva, wokhala chete, ndi wotengeredwa ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito maolawo akatha. Belo ya kupolisi salipira. Amene alibe ndalama ya loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Asasaine pepala limene sadaliwerenge kapena kuwerengeredwa.

Musapereke ndalama yoti nkhani ithere panjira. Chiphuphu ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo, kwa wopereka ndi wolandira. Ndalama iliyonse yolipira ku boma ikhale ndi lisiti.

8. KODI LAMULOLI LAPINDULA CHIYANI?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho likuoneka ku Majete. Pofika zaka za m'ma 1990 njovu zonse za kumeneko zidali zitaphedwa. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowo. Chaka chomwecho zipembere zidabwerera, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Lero kumapita alendo, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amalembedwa ntchito ndi kugulitsa uchi.

Ku Liwonde bungwe lomweli lidayamba ntchito mu 2015, ndipo lidachotsa misampha ya waya zikwi makumi angapo. Njovu zidachuluka mpaka mu 2016 ndi 2017 zoposa 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Mavuto alipo, chifukwa njovu zikathyola mpanda zimaononga minda ndi kupha anthu, ndipo midzi ya m'malire ili ndi madandaulo enieni. Koma malo amene adali atatheratu adzukanso m'zaka zosakwana 20 chifukwa chakuti kupha kudaleka. Phiri lometedwa nalonso limaphukira likasiyidwa, chifukwa zitsa zambiri za mitengo yachilengedwe zimakhala zamoyo pansi.

9. ZIMENE BANJA LINGACHITE CHAKA CHINO

Dzalani nandolo wambiri ndipo musunge mitengo yake mukakolola. Ikauma imayaka bwino ndipo imachepetsa maulendo a kuphiri.

Gwiritsani ntchito chitetezo mbaula kapena mbaula ina yosunga moto. Vundikirani mphika, nyikani nyemba m'madzi usiku, ndipo muzimitse zikuni mukatha kuphika.

Samalani ziphukira m'munda ndi m'malire. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulirani. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Dzalani kumayambiriro kwa mvula kuti mbande zigwire. Gilisidiya amapereka nkhuni ndi chonde, nsungwi zimagwira gombe la mtsinje, ndipo mango ndi mapeyala amapereka chakudya ndi ndalama. Bulugamu musamudzale pafupi ndi chitsime kapena dambo.

Lamulo la zankhalango limalola mudzi kupatula nkhalango yakeyake, yoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mogwirizana ndi amfumu. Mudzi umadzipangira malamulo a kadulidwe, ndipo phindu la nkhuni, uchi, bowa ndi udzu limakhala la eni mudzi. Mlangizi wa zankhalango akhoza kukuthandizani kulemba ndondomeko yake.

Limbikitsani ana kulowa makalabu a zachilengedwe kusukulu, monga amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limathandiza. Amalawi amalipira mtengo wotsika polowa m'mapaki poyerekeza ndi alendo akunja, kotero sukulu, mpingo kapena gulu la banki m'khonde likhoza kusonkha n'kupita ku Liwonde kapena ku Majete tsiku limodzi.

10. MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA M'MUDZI

Ndi nyama ziti ndi mitengo iti imene agogo athu ankaiona kuno koma lero kulibe? Idatha bwanji?

Moto wa chaka chatha udayambira pati, ndipo tingagwirizane chiyani mwezi wa Ogasiti usanafike?

Kodi mudzi wathu uli ndi malo amene tingapatule kukhala nkhalango ya mudzi? Ngati komiti ilipo, idakumana liti komaliza?

Mabanja amene amadalira makala tingawathandize bwanji kupeza njira ina ya ndalama, monga njuchi, mbande zogulitsa, kuumba mbaula kapena ulimi wa kudimba?

Ngaka kapena fisi atapezeka m'mudzi usiku uno, ndani adzaimbe foni, ndipo adzaimbira yani?

Funso lomalizali liyankhidwe msonkhano usanabalalike. Mlembi wa komiti alembe manambala a foni a polisi ya pafupi, a mlangizi wa zankhalango ndi a ofesi ya DC ku Chiradzulu, apereke pepala limodzi kwa amfumu, lina alimate pa sukulu ndi pa chigayo.